Mfundo ya Mpanda pa Njinga ya Alamu Anga

Inu owerenga, dzanja lamanja la alamu anga silifumbata mpaka lero, ndipo amene analipundula ndine. Koma manyazi anga aakulu si amenewo. Nditawapweteka, ndinakhala pampando wa unkhoswe n'kumawalangiza ngati olakwa ndi iwo, iwo ali zyoli, bandeji ili kumkono. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ndimadzidziwa. Ndikangoyamba ndi zina, pakamwa panga payamba kundikometsera nkhani.

Ine ndine makanika wa njinga zamoto, zimene kuno timati midhudhudhu. Ndinabadwira pakomboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, kumpoto kwa Harare. Agogo anga anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, ndipo ife adzukulu kumudziko timangokumva m'nkhani. Mapulazi atagawidwa, ntchito ya pamwezi inatha, tonse tinatsala ndi maganyu amene kuno timati maricho, lero kupalira kwa uyu, mawa kuthyola fodya kwa uyo. Ine khasu linandikana. Ndinatola masipanala a malemu bambo anga, amene ankakonza mathirakitala, n'kukakhala pansi pa mtengo wa msuku pamphambano ya msewu wopita ku Guruve.

Kuno tili ndi mawu akuti kukiyakiya. Chitsulo chikasowa sukhala pansi n'kumalira ayi, umayang'ana uku ndi uku, n'kutola chimene chilipo, n'kuchikakamiza mpaka chigwire ntchito. Popanda kukiyakiya ambiri a ife tikanafa ndi njala, zimenezo sindikana. Ine ndinkakiyakiya mpaka anthu anaiwala dzina langa, n'kumangonditchula kuti a Kiyakiya. Munthu akabwera akukankha njinga yake thukuta lili kamukamu, ndinkangomuuza kuti, "Isiye pompo m'bale, njinga ilibe ufiti." Nthawi zambiri ankabwerera atakwera. Mutu unandikulira, ndinayamba kudziona ngati palibe chondikanika pansi pano.

Alamu anga a Zuze ndi amuna a mlongo wanga Esinati, wobadwa pambuyo panga. Makolo awo anachokera ku Tete. Ndi munthu wamtali ngati mlongoti, wosalankhulalankhula, komanso ndi wamkulu kwa ine. Nthawi ya pulazi anali kapitawo wa gulu lomanga mipanda ya ng'ombe, ndipo ine nditasiya sukulu ndinayambira ntchito m'manja mwawo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa mfundo yolumikizira waya wa mpanda. Umapinda nsonga ziwiri, kuzikoletsa, kenako kupota iliyonse pa inzake mpaka zitagwirana. Ng'ombe ikhoza kutsamira pamenepo tsiku lonse, mfundoyo osamasuka. Tsiku limene anandiphunzitsa anandiuza kuti mfundo imeneyi ndi ya chinthu choima, osati choyenda. Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Ntchito itatha, a Zuze anagwa m'mowa. Anamwera wailesi, anamwera mbuzi, anamwera ndi malata amene anasungira nyumba. Esinati ananyamula ana n'kubwerera kwa amayi. Kwathu banja likagwedezeka amaliunika ndi ankhoswe, ndipo nkhoswe ya mkazi imayenera kukhala amalume ake. Koma ife amalume athu ena anatsala ku Malawi, ena ali kumanda a pakomboni, ndiye mpandowo unagwera ine monga mchimwene wake wamkulu. Pamaso panga ndi pamaso pa akulu a mpingo, a Zuze analumbira kuti mowa sadzaulawanso. Esinati anabwerera kunyumba, koma anasiya mawu akuti tsiku limene adzamvenso fungo la mowa pathupi pawo, banja lidzathera pomwepo, popanda zokambirana. Mlongo wanga ameneyu akanena wanena, anatengera amayi.

A Zuze anasunga lumbiro lawo zaka zambiri. Anayamba kulemekezekanso, mpaka mpingo unawapatsa makiyi a tchalitchi kuti azisunga. Anagula mudhudhudhu, n'kumanyamula anthu ndi katundu m'misewu ya m'mapulazi momwe makombi, maminibasi a kuno, safika. Ana anayamba kuvala nsapato. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti banja limene lija ndinalimanga ndine.

Vuto linali msana. Mabelo a fodya ndi mitengo ya mpanda zinawathyola kalekale, ndipo njinga zimenezi mahandulo ake ndi afupi, munthu wamtali amayendetsa atawerama ngati akupalira. Akatsika ankayenda atagwira m'chiuno, nkhope itakwinyika. Amene anabweretsa nzeru ya mahandulo aatali ndine, iwo sanapemphe. Ndinali nditaona zithunzi pafoni za anthu akunja akuyendetsa manja ali m'mwamba, ndipo mtima unandiyabwa kuti nane ndiyese. Ndinawauza kuti, "Alamu, ndikukwezerani nyanga izi muziyenda muli tsonga ngati abwana." Anaseka n'kuvomera.

Wowotcherera zitsulo wina ku Mvurwi anandipindira mahandulo abwino ndithu, ndipo kuwamanga panjinga sikunavute. Koma inu amene simunagwirepo ntchitoyi, dziwani kuti mahandulo si chitsulo chokha. Zonse zimene woyendetsa amalamulira nazo njinga zimathera pamenepo. Pali kebulo ya kilachi, pali ya buleki yakutsogolo, pali kebulo ya moto imene imatsegula mafuta ukapotokola dzanja lamanja. Palinso timawaya ta hutala, ta nyale, ta maindiketa ndi ta kabatani kofiira kozimitsira injini zinthu zikavuta. Zonsezi anaziyeza kufakitale molingana ndi mahandulo afupi. Ukangokweza mahandulo, chilichonse chimaperewera.

Kebulo ya buleki ndinapeza yaitali pamulu wanga wa zitsulo zakutha. Ya kilachi ndinaidutsitsa njira ina kuseri kwa nyale, inafika, koma yokokeka kuti nga. Kebulo ya moto ndiyo inakanitsitsa, inaperewera ngati chikhatho chimodzi. Wogulitsa zipangizo ku Mvurwi anandiuza kuti yaitali alibe, aitanitsa ku Harare, ndidikire idzabwere pa kombi. Anawonjezanso, mwaulemu ndithu, kuti kebulo ya moto salumikiza. Ndinamuyankha mwamwano kuti iye ntchito yake ndi kugulitsa, zokonza asiyire eni ake. A Zuze nawo anati palibe chothamangira, msana umene waweramira zaka zonsezi sungathyoke ndi sabata imodzi. Koma ine ndinali nditalengeza kale pamphambano ponse kuti Loweruka anthu adzaona njinga imene sanaionepo chibadwire. A Kiyakiya agonje ndi kawaya? Paja akuluakulu anati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wake anali ine.

Kebulo ya moto ili pawiri. Kunja kuli chikopa cholimba, m'kati muli waya woonda amene amayenda uku ndi uku. Ukapotokola dzanja, wayayo amakoka, mafuta n'kutseguka. Ukasiya, sipuling'i imamubweza, injini n'kutsika. Moyo wa woyendetsa uli pa kubwerera kumeneko. Ine ndinatenga kebulo ina yakale, ndinadula zonse ziwiri, n'kulumikiza mawaya am'katiwo ndi mfundo ya mpanda ija. Pamene zikopa sizinakumane ndinavekapo kachidutswa ka paipi yakuda yothiririra nazale ya fodya. Ndinakulunga ndi mphira wa chubu, n'kubisa zonse pansi pa thanki. Manja ankangochita okha, paja mfundoyo anaizolowera kuyambira kale. Inatuluka yokongola mpaka ndinaima n'kumaisirira, chitsiru ine.

Timawaya ta magetsi ndinatitalikitsa ndi waya wa sola yakufa, yense wamtundu umodzi, kungopota ndi zala, osawotcherera. Wayayo anandithera ndisanafike pa kabatani kofiira. Ndinangopinda kawaya kake n'kukakankhira kuseri kwa nyale. Mumtima ndinati alamu amazimitsa ndi kiyi, kabatanika ndidzalumikiza tsiku lina. Iwo sindinawauze.

Loweruka lija ndinaliza injini njinga ili chiimire, mahandulo ataloza kutsogolo. Ndinapotokola, vuu, ndinasiya, inatsika bwinobwino. Ndinayenda nayo mumsewu woongoka mpaka pamlatho n'kubwerera. Pali chinthu chimodzi chimene makanika aliyense amachidziwa, chokhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, kumanzere ndi kumanja, injini ikulira, kuti umve ngati ikusintha mawu. Chimenecho sindinachite. Ndisakunamizeni kuti ndinaiwala. Ndinakumbukira, koma ndinkaopa chimene ndikanapeza, ndipo anthu anali atasonkhana kale pansi pa msuku akuimba malikhweru.

A Zuze anakwera msana uli chilili, akumwetulira mano onse pamtunda. Esinati ananditumizira tambala. Patangopita masiku ochepa kebulo ya ku Harare ija inafika, wogulitsa uja ananditumizira osasunga mangawa. Ndinaiponya m'bokosi la masipanala. Kuti ndiiyike panafunika kuitana alamu n'kuwafotokozera chimene ndikusinthira, ndiye ndinati ndidzapezerapo mpata akadzabwera kudzasintha oilo.

Ngozi inachitika masana, dzuwa lili paliwombo. Anali okha, akuchokera kokatula mayi wina kuchigayo. Pamashopu pali pokhota modzidzimutsa kumanzere, pakhomo penipeni pa bhawa, nyumba yomwera mowa, ndipo tsiku limenelo lole inali itangotsitsa zigubu za mowa wamasese n'kuziunjika pakhonde. Atakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, paipi ija inapindika, mfundo inakola pamlomo wa chikopa, waya osabwereranso. Njinga inalira n'kudumpha. Anayesa kufinya kilachi, inali gwa chifukwa cha kukokeka kuja. Anadina kabatani kofiira, kabatani kopanda waya. Anakalowa m'mulu wa zigubu zija, zigubu n'kuphulika, njinga n'kuwagwera padzanja lamanja.

Anthu amene anathamangira nawo kuchipatala anawatola atanyowa masese kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Esinati atafika, fungo linamulonjera ali pakhomo. Iwo anayesa kufotokoza kuti njinga inathawa yokha. Mlongo wanga anangofunsa funso limodzi: "Inathawa yokha, n'kusankha kukagwera pabhawa?" Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itamva kuti a Zuze ayambiranso. Ena anati chidakwa sichisiya, chimangopumula. Ena analumbira kuti anawaona akutuluka m'bhawamo, anthu oti tsiku limenelo anali kumaricho.

Njingayo anthu anaikankhira kwa ine n'kuisiya, paja ndine makanika. Ndinagwira chopotokolera moto n'kumva kuti chalimba. Ndinachotsa thanki. Paipi inali itang'ambika, mfundo yanga ili pamtetete, itakola pachikopa. Pamphambano panalibe munthu, abale onse anali kuchipatala. Inu owerenga, apa ndi pamene ndikanakhala munthu. Ndikanatenga kebuloyo m'manja n'kuthamanga nayo kuchipatala, bwenzi mlandu wanga uli wa dzanja lokha. M'malo mwake ndinaidula n'kukaiponya m'ng'anjo ya balani yowotchera fodya. Ndinatulutsa yatsopano ija m'bokosi n'kuiyika. Ndinakonza njira ya kebulo ya kilachi, ndinawotcherera timawaya tonse, ndinalumikiza kabatani kofiira. Chiyambire umakanika sindinagwirepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo, ndipo ndinaigwira pofuna kukwirira mlandu.

M'mawa mwake Esinati anabwera ndi mkulu wina wa mpingo. Maso ake anali otupa. Anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Achimwene, inu simungandinamize. Njingayi ili ndi vuto?" Ndinaliza injini. Ndinakhotetsa mahandulo kumanzere ndi kumanja mpaka kumapeto, chinthu chomwe chija ndinakana kuchita Loweruka. Injini sinasinthe mawu. Ndinadina kabatani kofiira, inazima kuti zii. Ndinangoti, "Waona wekha, mlongo wanga." Anagwedeza mutu n'kutembenuka. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti pakamwa panga sipanatuluke mawu oti a Zuze anamwa. Bodza lokhalokha, manja anga anali atanena kale.

A Zuze atatuluka m'chipatala tinakhala pansi pakhonde la amayi kuti tiunike banjalo. Kumbali yawo kunabwera msuweni wawo wa ku Mhangura, kumbali ya Esinati kunali ine. Mpaka lero ndikakumbukira zimene ndinalankhula tsiku limenelo ndimafuna pansi patang'ambika ndilowe. Ndinakonza kukhosi ngati munthu wanzeru. Ndinawakumbutsa lumbiro lawo, ndinatchula ana, ndinatchula makiyi a tchalitchi. Ndinati mutu ukakula sulewa nkhonya, avomere kulakwa apepese, mwina mlongo wanga angafewe mtima. Ndinkafunitsitsa avomere, chifukwa akanavomera nkhani ikanathera pomwepo, ine n'kupuma.

A Zuze anandiyang'ana. Kenako anati, "Ine sindinamwe. Ankhoswe, njinga ija munaiona bwino?"

Ndinati ndinaiona bwino.

Anawerama. Esinati ndiye anaimirira. Anati kumwa kokha mwina akanayesa kupirira chifukwa cha ana, koma kumwa ndi kunama pamodzi, mpaka kufuna kupaka matope achimwene ake, zimenezo ayi. Mwamva? Ankanditeteza ine. Sabata yomweyo ananyamula ana kupita ku Guruve, kwa mnzake wogulitsa naye tomato pamsika. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anakatenga makiyi a tchalitchi.

Dzinja lonse a Zuze anakhala okha. Madokotala anati mitsempha ya dzanja inaduka, zala sizidzapindikanso, ndiye za njinga zinathera pomwepo. Ankaphika ndi dzanja lamanzere, kuchapa ndi dzanja lamanzere, Lamulungu n'kukakhala pabenchi yakumbuyo, anthu akunong'onezana. Anzawo akale a m'bhawa ankawaitana kuti nanga mukuopanso chiyani, mkazi wapita kale. Sanapite. Ine ndinkawapititsira ufa ndi ndiwo, anthu n'kumandiyamikira kuti mlamu wotere ngosowa. Mawu amenewo ankandibaya kuposa chitonzo. Chakudya chinasiya kutsika. Ndinayamba kupsa mtima ndi zilizonse, kukalipira akazi anga, kuthamangitsa makasitomala chifukwa chongofunsa funso. Munthu akatchula kebulo ndinkatuluka thukuta. Kangapo konse ndinanyamuka kuti ndikaulule, koma ndikafika pakhomo pawo ndinkangofunsa za msana n'kubwerera.

Mvula itatha, mbuzi zinayamba kulowa m'dimba lawo chifukwa waya wa mpanda unali utaduka. Anatuma uthenga kuti ndikawathandize, popeza dzanja limodzi silingapote waya. Ndinapita m'mawa ndi pulayala yanga. Ndinagwira nsonga ziwiri, kupinda, kukoletsa, kupota, iwo ataima pambali akungoyang'ana. Nditamaliza anayandikira, anagwira mfundoyo ndi dzanja lamanzere n'kumaisisita ndi chala.

"Apa ndiye pamalo pake, alamu," anatero. "Pansi pa thanki si pamalo pake."

Pulayala inandipulumuka n'kugwera m'masamba a mpiru. Anandiuza, mawu ali pansipansi ngati akukamba za mvula, kuti tsiku la ngozi ali pansi pa njinga, injini ikulirabe, analowetsa dzanja lamanzere pansi pa thanki kufunafuna potsekera mafuta. Zala zawo zinakagwira mphira wa chubu, paipi yong'ambika, kenako mfundo. Anati mfundo imene anandiphunzitsa okha sangaisokoneze ngakhale atatsinzina.

Ndinakhala pansi pamzere. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere nthawi yonseyi.

"Ndikananena akanamvera ndani, munthu wonunkha masese kapena nkhoswe?" anayankha. "Komanso khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanakugendani inu, ndikanaswa Esinati ndi amayi. Ndimadikira kuti ankhoswe a banja langa alankhule okha. Koma ana anga ndawasowa, alamu."

Ndinalira ngati mwana, bambo wa ndevu zanga, m'dimba la munthu amene ndinamupundula. Iwo sanandigwire paphewa, sanandikalipirenso. Anangotola pulayala ija n'kundipatsa.

Tsiku lomwelo ndinakwera kombi ya ku Guruve. Ndinamupeza Esinati pamsika akuunjika tomato. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa paipi ya nazale mpaka pa ng'anjo ya balani, osasiyako kanthu. Ndinkayembekeza kuti andilalatira pagulu, ndipo ndikanakonda akanatero. Sanalire, sanakweze mawu. Anapukuta manja pachitenje, anapempha mnzake uja kuti amuyang'anire tomato, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndinakufunsani pamaso. Ndinati inu simungandinamize." Anapita kukatenga ana. M'kombi yobwerera anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, osatembenuka mpaka tinafika.

Lamulungu ndinaima kutsogolo m'tchalitchi n'kubwereza zomwezo pamaso pa mpingo wonse. Amene analumbira kuti anawaona akutuluka m'bhawa anangoti zyoli. Akulu a mpingo anapepesa, makiyi anabwezedwa. Amayi anandilanda unkhoswe n'kuupereka kwa msuweni wathu wina, ndipo ananena poyera kuti anaika khoswe kuti alondere nkhokwe.

Banja linabwerera, koma musaganize kuti zonse zinabwerera. Esinati mpaka lero sadzikhululukira kuti anatcha amuna ake abodza pamaso pa anthu. Njinga ija, ndi mahandulo ake aatali, amayendetsa ndi munthu wina. A Zuze anabwerera kumaricho. Ndimawaona m'minda ya eni atawerama tsiku lonse, khasu lili kudzanja lamanzere, ndi msana womwe uja ndinkati ndikuupulumutsa. Ndimathandiza pamene ndingathe, koma dzanja siligulidwa ku Mvurwi kapena ku Harare. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti iwo amandipatsa moni bwinobwino, amanditchulabe alamu.

Tsono inu amakanika anzanga, ndi inu nonse okwera midhudhudhu amene mukusirira mahandulo aatali, ndimvereni ine amene ndinapsa kale. Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, yezani makebulo onse ndi timawaya tonse, muone ngati zidzafika. Kebulo ya moto, ya kilachi ndi ya buleki salumikiza, amagula yautali wokwanira. Ngati kulibe, dikirani, kapena bwezerani mahandulo akale mpaka itapezeka. Timawaya ta magetsi talikitsani kamodzikamodzi kuti musasokoneze, muwotcherere, muphimbe kalikonse pakokha, ndipo musiye mpata woti tizitha kupindika mahandulo akamakhota. Kabatani kofiira musakaone kuchepa, kamagwira ntchito tsiku limodzi lokha, koma tsiku lake ndi limenelo. Mukamaliza, lizani injini, khotetsani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Ikangokwera mawu yokha, kapena chopotokolera chikachedwa kubwerera mukachisiya, njingayo isachoke pamalopo, ngakhale mwini wake akhale akukupemphani atagwada. Kukiyakiya kuli ndi malo ake, pampando wong'ambika, pa madigadi, pa mpanda wa dimba. Pamene pakudutsa moyo wa munthu musakiyekiye.

Ndipo zikakuvutani monga zinandivutira ine, nenani tsiku lomwelo, chinthucho chili m'manja. Manyazi a tsiku limodzi ndinawathawa, n'kusenza a moyo wonse. Dzina la a Kiyakiya ndinalikana, aliyense pamphambano akudziwa kuti akanditchula choncho sindiyankha. Koma pali dzina lina limene sindingalikane. Esinati amadutsa pansi pa msuku popita kuchigayo, ndipo sadutsa osapereka moni, paja analeredwa bwino. Amaima patali pang'ono, amapinda bondo, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, amakanika?" Mawu ondiitana kuti achimwene ndinawamva komaliza tsiku lija anandifunsa ngati njinga ili ndi vuto.